Humvee yapuma usilikali, koma kodi ipatsidwe nambala?

Pa 17 Disembala 2014, kampani ya GovPlanet inachititsa okushoni ya pa intaneti yomwe okonda magalimoto ku America anali ataidikira kwa zaka zambiri. Ma Humvee 25, magalimoto a asilikali a America, amene anali ataimikidwa ku Hill Air Force Base, m'chigawo cha Utah, anagulitsidwa kwa anthu wamba. Mtengo woyambira unali madola 10,000 imodzi, ndipo pofika kumapeto onse pamodzi anabweretsa madola 744,000. Kwa nthawi yaitali Humvee ikatha ntchito ku usilikali inkangophwanyidwa n'kugulitsidwa ngati zitsulo zakutha, koma tsopano boma linali litaona kuti m'zitsulomo muli ndalama. Vuto linali pa mapepala. Galimoto iliyonse inkatuluka ndi chidindo chonena kuti ndi yoyendetsa kunja kwa msewu basi, kaya kumunda, kaya kutchire, kaya pamalo a mwini wake. Wogula ankasayinira kuti wamva.

Kumva anamva, koma munthu amene wataya madola 30,000 sangakhutire ndi kuzunguliza galimoto kuseri kwa nyumba. Ambiri atangoilandira anathamangira ku ofesi ya zamsewu kukapempha nambala. Ena anapatsidwa mosavuta, ena anabwezedwa pakhomo, ndipo ena anapatsidwa kenako n'kulandira kalata yoti abweze. Galimoto ndi yomweyo, dziko ndi lomwelo, koma mayankho ndi osiyana, chifukwa ku America kulembetsa galimoto kuli m'manja mwa zigawo 50, osati boma lalikulu la ku Washington.

Ine ndikuona chonchi. Magalimoto amenewa sakwaniritsa malamulo a chitetezo a magalimoto a anthu wamba, ndipo mwini Humvee amene akulimbikira kuti yake ikukwaniritsa akungodzisangalatsa. Komabe kuwakaniza onse nambala pa chifukwa chimenecho chokha ndi ulesi wa m'maofesi. Chofunika kufunsa n'chakuti zinthu zikalakwika pamsewu, avulale ndani: mwini galimoto amene anaigula akudziwa chimene akugula, kapena munthu wina amene sanafunsidwe n'komwe?

Malamulo amene anthu akukanganiranawa amatchedwa FMVSS. Anabadwa kuchokera ku lamulo la 1966 la chitetezo cha magalimoto, anayamba kugwira ntchito mu 1968, ndipo amayang'aniridwa ndi bungwe la boma la NHTSA. Amanena za mabuleki, magetsi, malamba, magalasi, denga, thanki ya mafuta, ndi mmene galimoto iyenera kutetezera munthu ikagundidwa kutsogolo kapena m'mbali. Ambiri sadziwa kuti boma la America siliyesa galimoto yatsopano isanalowe pamsika. Kampani ndiyo imadziyesera yokha, kenako n'kumata kachizindikiro pafelemu ya chitseko cha dalaivala kotsimikiza kuti malamulo onse atsatidwa. Ikanama, NHTSA imaigwira pambuyo pake, n'kuilipiritsa chindapusa ndi kuilamula kuitanitsa magalimoto onse kuti akakonzedwe. Malamulo omwewo ali ndi ndime yonena kuti sakhudza galimoto yopangidwira asilikali n'kugulitsidwa kwa iwo mwachindunji monga mmene anaitanitsira. Ndimeyi ndi yanzeru. Galimoto yoyenda usiku kumalo ankhondo imafuna timagetsi tobisika kuti mdani asaione, ndipo palibe mkulu wa asilikali amene angalole kuti airbag iphulikire dalaivala kumaso pamene akugumula mpanda mwadala.

Ndiye kalaliki wa ku ofesi ya zamsewu akazungulira Humvee, kachizindikiro kaja sakapeza. Nambala yozindikiritsa galimoto ya VIN ya zilembo 17, yomwe magalimoto a pamsewu akhala nayo kuyambira 1981, saipezanso. Amapeza nambala yaifupi ya kufakitale ndi fomu ya boma ya SF-97 yokhala ndi chidindo chomuletsa. Kampani yomwe imapanga galimotoyi, AM General ya ku Indiana, imene inapambana kontirakiti yake mu 1983, nayonso yakhala ikunena poyera kuti Humvee ya usilikali sinapangidwire misewu ya anthu wamba. Kalaliki wotere sindimudzudzula akakana. Mwini galimoto nayenso alibe njira yotsimikizira kuti yake ndi yabwino, chifukwa ena mwa mayesowa amafuna kuti galimoto imenyetsedwe pakhoma. Kuti aonetse kuti galimoto yake ndi yotetezeka, ayenera kuiphwanya kaye.

Eni ma Humvee akamva zimenezi amaseka. Amati galimoto imene inapirira chipululu cha Iraq ingalephere bwanji msewu wopita kusitolo? Apa ndi pamene anthu ambiri amasokoneza zinthu ziwiri, kulimba ndi kuteteza munthu. Ikani dzira m'bokosi lachitsulo, muligwetse pansi. Bokosi silipindika ngakhale pang'ono, koma dzira lasweka. Galimoto ya masiku ano imapangidwa dala kuti kutsogolo kwake kufinyike ikagunda, n'cholinga choti mphamvu ya kugundako ithere m'chitsulo isanafike panthiti za munthu. Anthu akaona galimoto yaing'ono itakwinyika amati ndi yamapepala, osadziwa kuti kukwinyikako ndi kumene kwapulumutsa amene anali m'katimo. Galimoto ya asilikali inapangidwira zosiyana ndi zimenezo. Iyenera kugunda chitsa n'kupitiriza ulendo.

Taonani Humvee yoyambirira, M998, mmene ilili. M'lifupi mwake ndi pafupifupi mamita 2.16, pamene Toyota Hilux ndi pafupifupi 1.85. Pansi pake pali mpata wa masentimita 40, ndipo pofuna mpata umenewu akatswiri anakweza injini, giyabokosi ndi shafti pakati pa felemu. N'chifukwa chake dalaivala ndi mnzake wa kumanja amakhala motalikirana moti kupatsana botolo la madzi ndi ntchito. Zotsatira zake n'zakuti anthu amakhala m'mbali mwenimweni, kunja kwa zitsulo zikuluzikulu za felemu. Chimene chimawalekanitsa ndi galimoto yowagunda m'mbali ndi kabodi ka aluminiyamu ndi chitseko cha lona, ngati chitsekocho chilipo. Airbag mulibe. ABS, makina oletsa matayala kumangika dalaivala akaponda mabuleki mwadzidzidzi, mulibenso. Dashibodi ndi chitsulo chopanda chofewetsa chilichonse. Kiyi palibe, imalizidwa ndi siwichi, ndipo pofuna kuti isabedwe asilikali ankamanga chiwongolero ndi waya ndi loko. Giyabokosi ya magiya 3 ya zakalezi ilibe malo a P, kotero galimoto ya makilogalamu oposa 2,300 ikaima pamtsetse imadalira handibuleki yokha. Chimodzi chokha ndiiyamikire: kutambasuka kwakeko kumaithandiza kuti isagubuduzike msanga ngati ma jeep akale, bola isasenzetsedwe zitsulo zolemera pamwamba monga mmene anachitira ku Iraq.

Asilikali eni ake amadziwa mtengo wa zonsezi. Mu 2021 ofesi ya GAO, yomwe imafufuza ntchito za boma m'malo mwa nyumba ya malamulo, inapeza kuti pakati pa 2010 ndi 2019 asilikali a Army ndi a Marine Corps anachita ngozi 3,753 za magalimoto ankhondo kunja kwa nkhondo, ndipo anthu 123 anafa. Kugubuduzika kunachitika pa pafupifupi ngozi imodzi mwa zinayi, koma pa ngozi zimene zinapha munthu kunakhudza 63 peresenti. Amenewa ndi achinyamata ophunzitsidwa, ovala zipewa zachitsulo, oyenda pamdipiti ndi mkulu wowayang'anira. M'zaka zaposachedwa Army yakhala ikuika ABS ndi makina oletsa kutsetsereka m'ma Humvee amene ikugwiritsabe ntchito. Ambiri mwa amene anagulitsidwa pa okushoni anatuluka asanalandire zimenezo. Mwini wake woyamba akavomereza ndi ndalama zake kuti galimoto inali yoperewera, mwini wachiwiri asatiuze kuti ndi yangwiro.

Nkhani yoteroyi inachitikaponso. Humvee isanabwere kunali M151, kajeep kamene kampani ya Ford inakonza ndipo kanagwira ntchito yaikulu ku Vietnam. Matayala ake akumbuyo anali omangidwa mwa njira yoti dalaivala akakhota mothamanga, tayala limapindikira m'kati galimoto n'kugubuduzika mosachenjeza. Mu 1970 anakonza mbali imeneyi pa M151A2, pambuyo pake n'kuwonjezera zitsulo zotchinga pamwamba, komabe boma linagamula kuti magalimotowa asagulitsidwe athunthu kwa anthu wamba. Ankawadula pakati kapena panayi, kenako anayamba kuwapsinja, chifukwa amisiri ena ankagula zidutswazo n'kuziwotcherera. Osunga magalimoto akale amalira nazo mpaka lero, ndipo chisoni chawo ndimachimvetsa. Koma chigamulo chimenecho chinali chowona mtima. Boma linaona kuti chinthu n'choopsa, linataya ndalama, silinachigulitse.

Mpaka pano zikumveka ngati ndili kumbali ya oletsa. Ayi. Mfundo za eni magalimotowa zina n'zolimba kuposa mmene akuluakulu a zamsewu amafunira kuvomereza.

Malamulo a FMVSS amagwira galimoto pa tsiku lopangidwa ndi logulitsidwa koyamba. Sabwerera m'mbuyo. Galimoto ya 1965, yopanda airbag, yamabuleki achikale, yachiwongolero cholasa pachifuwa, imalembetsedwa m'chigawo chilichonse popanda funso. Njinga yamoto, yomwe siteteza wokwerapo ku chilichonse, imapatsidwa nambala tsiku lomwelo. Lamulo la 1988 limalolanso kuitanitsa galimoto yakunja imene yakwanitsa zaka 25 ngakhale isanayesedwepo ndi malamulo a America. Choncho Land Rover ya asilikali a ku Britain, Unimog ya ku Germany kapena Pinzgauer ya ku Austria ikhoza kulowa m'dzikomo mwalamulo, pamene galimoto yopangidwa ku Indiana ndi ndalama za okhometsa msonkho a ku America yomweyo ikukanizidwa. Kuwonjezera apo, kuyambira 1992 mpaka 2006 AM General inkapanga Hummer H1, mphwake wa Humvee wa anthu wamba, amene Arnold Schwarzenegger anakankha kuti apangidwe. H1 inali ndi zitseko zachitsulo, kiyi, magetsi oyenera ndi m'kati mofewa, koma airbag inalibe, chifukwa kulemera kwake kunaiika m'gulu la magalimoto amene lamulo la airbag silinkawakhudza. Mapangidwe ake enieni ndi omwewo. Ndiye munthu akafunsa kuti bwanji wolemera wogula H1 akuyenda pamsewu pamene wogula Humvee yotsika mtengo akuletsedwa, yankho lakuti kulibe kachizindikiro pachitseko silikhutiritsa.

Komanso mawu akuti galimoto ya asilikali akuphatikiza zinthu zosafanana. M'ma 1980 asilikali a America anagula ma pikapu ndi ma Blazer a Chevrolet, otchedwa CUCV, omwe kwenikweni ndi magalimoto a m'sitolo opakidwa utoto wobiriwira. Amenewo sasiyana ndi a neba. Ndipo tisaiwale kuti magalimoto ambiri amene timawalemekeza lero anachokera ku zotsala za nkhondo. Jeep ya anthu wamba inatuluka mu 1945, Land Rover yoyesera ya 1947 inamangidwa pafelemu ya jeep ya asilikali, ndipo ma jeepney, maminibasi a ku Philippines, anayamba ndi ma jeep amene asilikali a America anasiya.

Chodabwitsa kwambiri n'chakuti mkangano wonse wagwera pa Humvee pamene malole akuluakulu akudutsa mwakachetechete. Lole ya M35, ya matayala 10, imalemera pafupifupi matani 6 ilibe katundu. Zambiri mwa zakalezi zili ndi mabuleki a njira imodzi: payipi imodzi ikaphulika, mabuleki onse apita, pamene magalimoto ang'onoang'ono akhala akukakamizidwa kukhala ndi njira ziwiri kuyambira 1968. M'zigawo zambiri lole imeneyi imalembetsedwa mosavuta, ndipo poti kulemera kwake sikufika pa malire ofuna layisensi ya malole, munthu amaiyendetsa ndi layisensi wamba. Lole ya matani 5 ya M939 inagubuduza asilikali ambiri, makamaka pamsewu wonyowa ili yopanda katundu, mpaka akuluakulu analamula kuti zopanda ABS zisapitirire mamailosi 40 pa ola, omwe ndi makilomita pafupifupi 64. Nazonso zimagulitsidwa kwa anthu. Mukandifunsa kuti kumbuyo kwanga pa roboti kukhale Humvee kapena M35 ya mapayipi a mabuleki a zaka 50, ndisankha Humvee mosaganiza kawiri. Lamulo loyang'ana chidindo m'malo moyang'ana galimoto limaletsa yoopsa pang'ono n'kulola yoopsa kwambiri.

Zigawo zayesa njira zosiyanasiyana. Ku Wisconsin, akuluakulu a zamsewu atayamba kukana magalimoto a usilikali, eni ake anadandaula mpaka aphungu anakhazikitsa malamulo mu 2010 olola ena mwa iwo kulembetsedwa ngati magalimoto osungidwa chifukwa cha mbiri yawo. Ku Michigan aphungu anavomereza bilu yofanana nayo mu 2018, koma bwanamkubwa Rick Snyder anakana kuisayina. Ku Britain zinthu n'zosiyana kotheratu: zotsala za asilikali zimagulitsidwa ndi makampani monga Witham Specialist Vehicles, zimalembetsedwa ku ofesi ya zamsewu ya DVLA, ndipo ngakhale galimoto yoyendera tcheni ikhoza kuyenda pamsewu ngati dalaivala ali ndi layisensi ya gulu H. Aliyense akuchita zake, ndipo amene wakanizidwa kwawo amakalembetsa kuchigawo china n'kubwera nayo pamsewu womwewo.

Njira imene ine ndingasankhe imagawa malamulo a chitetezo pawiri. Pali amene amateteza munthu wa m'kati mwa galimoto, monga airbag, dashibodi yofewa ndi denga lolimba. Pali amene amateteza anthu ena onse: mabuleki, matayala, chiwongolero, magetsi, ma indiketa, magalasi oonera kumbuyo, liwiro loti galimoto isatsekereze msewu. Gulu loyambali munthu wamkulu akhoza kuliphonya mwa kufuna kwake, monga mmene amachitira wokwera njinga yamoto. Gulu lachiwirili alibe ufulu woliphonya, chifukwa thupi limene lingavulale si lake. Mwayi wake n'ngwakuti gulu lachiwirili limayezeka popanda kuphwanya galimoto. Makaniko wodziwa ntchito akhoza kuyeza mtunda umene galimoto imatenga kuti iime, akhoza kuona ngati mabuleki ali a njira ziwiri, akhoza kuwerenga chaka chopangidwa pa tayala. Za matayalazi musazipeputse. Galimoto imene yakhala zaka padzuwa la ku Utah ikhoza kukhala ndi matayala ooneka atsopano, mano onse alipo, koma mphira yake itauma kale.

Amalawi amadziwa COF, ndipo ndi bwino kukumbukira chimene pepala lotero limanena ndi chimene silinena. Limatsimikiza kuti galimoto ikugwira ntchito monga mmene inapangidwira. Silitsimikiza kuti inapangidwa bwino. M151 yatsopano ikanapambana mayeso otere m'mawa n'kukagubuduzika madzulo pakona yoyamba. N'chifukwa chake kuyeza galimoto imodzi imodzi sikukwanira. Pafunika wina wodziwa mbiri ya mtundu wonsewo, amene anganene kuti mtundu uwu uli ndi chilema chobadwa nacho, usaloledwe ngakhale utawala bwanji. Uwu uloledwe ukaikidwa ABS. Uwu ulibe vuto.

Pali chinthu chimodzi chimene makaniko sangachikonze, ndicho kutalika kwa kutsogolo. Kafukufuku wa 2023 wa IIHS, bungwe lofufuza za chitetezo cha pamsewu ku America, anapeza kuti magalimoto amene boneti yake ili pamwamba kuposa mainchesi 40, pafupifupi mita imodzi, amapha oyenda pansi kwambiri ndi pafupifupi 45 peresenti poyerekeza ndi a boneti yotsika ndi yopendekeka. Galimoto yaifupi imamenya miyendo, yaitali imamenya chifuwa n'kumugwetsera munthu kunsi kwa matayala. Malole a usilikali ali m'gulu loipali. Koma amene akufuna kugwiritsa ntchito mfundoyi poletsa ma Humvee ochepa ayambe wayang'ana ma pikapu atsopano amene akudzaza misewu ya America, okhala ndi tizizindikiro tonse pachitseko, amene boneti yake imafika pachifuwa cha munthu wamkulu. M'dziko limene anthu oposa 40,000 ankafa pamsewu chaka chilichonse kuyambira 2021 mpaka 2023, galimoto yoyenda pa tsiku la chikumbutso cha asilikali ndi Loweruka lina ndi lina si imene ikudzaza manda.

Choncho nambala ipatsidwe, koma yamalire. Galimoto iyezedwe chaka ndi chaka pa zinthu zoteteza anthu ena. Ikhale ndi inshuwalansi yokwanira kulipira amene ingamuvulaze. Lole yolemera ifune layisensi ya lole, ngakhale mwini wake akuti ndi yongosangalalira. Wokwera aliyense akhale pampando weniweni wa lamba, osati pamabenchi akumbuyo amene asilikali ankakhalapo. Mlimi wofuna kunyamulira udzu wa ng'ombe pamtunda waufupi aloledwe, ozimitsa moto a kumidzi, omwe akhala akugwiritsa ntchito malole amenewa kwa zaka zambiri, aloledwenso.

Amene ndimamuda kwambiri pa nkhaniyi ndi wogulitsa. Nthambi ya DLA Disposition Services, imene imataya katundu wa asilikali, ili m'boma lomwelo limene lili ndi mabuku a galimoto iliyonse, malipoti a ngozi ndi akatswiri amene analamula liwiro la M939. Boma lomwelo limatumiza achinyamata a zaka 19 kuyendetsa ma Humvee pamisewu ikuluikulu pakati pa magalimoto a mabanja. Likamaliza nawo limalandira ndalama, limadinda mawu odzitchinjiriza, n'kusiyira kalaliki wa m'tauni yaing'ono kuti aganize yekha. Likudziwa bwino lomwe kuti ogula ambiri akufuna msewu, ndipo mtengo umene likulandira pa okushoni wakwera chifukwa cha chiyembekezo chimenecho. Kumeneko ndi kudya mbali zonse ziwiri. Likanangotulutsa mndandanda wa mitundu ya magalimoto ndi zimene uliwonse ukufunika kuti uyende pamsewu, zigawo 50 sizikanakhala zikungolota.

Pali malo amodzi pamene sindingagonje, ndipo ndi pa kunyamula anthu olipira. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, pakati pa 1942 ndi 1945, kampani ya GMC inapanga ma DUKW oposa 21,000, malole oyenda pamtunda ndi pamadzi pomwe, otsitsira katundu m'sitima kupita kugombe. Nkhondo itatha, amalonda anawagula n'kuyamba kuzunguliza nawo alendo m'mizinda. Anawapaka utoto wowala, ena anawatalikitsa kuti mulowe anthu oposa 30, n'kuika denga pamwamba. Pa 1 Meyi 1999, imodzi inamira m'nyanja ya Hamilton ku Arkansas ndipo anthu 13 anafa. Pa 19 Julaye 2018, ina inamira m'nyanja ya Table Rock pafupi ndi Branson ku Missouri, anthu 17 n'kufa. Ku Britain mu 2013 ina inamira ku Liverpool ndipo ina inagwira moto mumtsinje wa Thames ku London. Wina anganene kuti zimenezo ndi za pamadzi. Chabwino, tibwere pamtunda. Mu 2016 ku Boston galimoto ya mapangidwe amenewa inaponda mayi amene anali pa sikuta kutsogolo kwake, chifukwa dalaivala amakhala pamwamba ndi kumbuyo kwa mphuno yaitali moti chapafupi sachiona. Chigawo cha Massachusetts chinachita kukhazikitsa lamulo loti pakhale makamera ndiponso kuti dalaivala asamakhalenso wofotokozera alendo.

Ngozi ya ku Seattle ndiyo imaonetsa zonse pamodzi. Pa 24 Seputembala 2015, galimoto ya Ride the Ducks, yomangidwa kuchokera ku DUKW ya 1945, inali kudutsa pamlatho wa Aurora pamene ekiselo yake yakutsogolo inathyoka chakumanzere. Dalaivala analephera kuiwongolera, inadumphira mbali ina ya msewu, ndipo mphuno yake yachitsulo inang'amba m'mbali mwa basi yonyamula ophunzira a North Seattle College. Anthu asanu anafa, oposa 60 anavulala. Onse asanu anali m'basi, ophunzira ochokera ku Austria, China, Indonesia, Japan ndi South Korea. Palibe ndi mmodzi yemwe wa iwo amene anagula tikiti ya galimoto ya nkhondoyo kapena kusayinira kuti akudziwa kuopsa kwake.

Bungwe lofufuza ngozi la NTSB linapeza kuti kampani imene inamanganso galimotoyo inkadziwa kuti ma ekiselo amenewa ali ndi vuto, ndipo mu 2013 inatumiza kalata yolangiza kuti akonzedwe, koma a ku Seattle sanakonze. Kalatayo inali malangizo chabe. Kampaniyo sinali yolembetsedwa ku NHTSA ngati yopanga magalimoto, kotero panalibe woyang'anira kuti kukonzako kwachitikadi monga zimakhalira galimoto ya Toyota kapena ya Ford ikaitanidwa. Mu 2019 khoti linapereka chipukuta misozi cha madola 123 miliyoni kwa ovulala ndi mabanja a omwalira. Galimoto imeneyi inali ndi nambala, inali ndi chilolezo chonyamula anthu, ndipo inkadutsa pamlathowo tsiku ndi tsiku, pa nthawi yomwe makalaliki a zigawo zina ankabweza alimi obwera ndi Humvee imodzi. Amene watenga felemu ya nkhondo, n'kuidula, n'kuitalikitsa, n'kuikamo mipando yogulitsa, wapanga basi yatsopano. Alembetsedwe ngati wopanga magalimoto, ndipo basi yakeyo iyesedwe ndi malamulo onse a basi ya chaka chimene waimangacho. Ikalephera, isanyamule munthu.